Mlamu Wanu Sanasudzulidwe

Livingstone, Zambia
14 Juni 2024

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino. Kodi bondo lija likuvutabe? Ndamva kuti mwayambanso kulawirira kudimba mame asanakamuke, pomwe kuchipatala anakuletsani. Ine ndili kutali, sindingakulandeni khasu, koma dziwani kuti nkhani yandipeza. Kuno tili bwino tonse, ine, apongozi anu ndi ana. Wamng'onoyu anali ndi chifuwa koma chatha.

Mudabwa kuti ndalemba kalata ngati kale pomwe foni ilipo. Chifukwa chake mukuchidziwa. Ndikangotchula dzina la amalume Bisalomu pa foni, inu mumayamba kufuula kuti halo, halo, netiweki yathawa, kenaka n'kudula. Netiweki ya kwathu kwa Kalumo ndi yochenjera ndithu, imathawa pa dzina limodzi lokha. Ndiye ndapempha alongo anga a Esinati kuti akukhazikeni pamphasa, akuwerengereni mpaka pamapeto. Mukafuna kukalipa mukalipe, koma mumve kaye.

Za kuno, kwazizira kwambiri, ndipo ino ndi nyengo imene alendo odzaona mathithi amachuluka. Ntchito yanga yowanyamula ku bwalo la ndege kupita nawo ku mahotela yandigwira pakhosi, nthawi zina ndimadya nditaimirira. Sabata yatha njovu zinatseka msewu wopita kumathithi. Mzungu wina amafuna kutsika kuti akazijambule pafupi, ine ndinangokhoma zitseko n'kukhala duu. Anandidandaulira kwa abwana, koma abwana anati ndinachita bwino. Magetsi akungozimazima, makala nawo akwera, apongozi anu akudandaula tsiku lililonse.

Tsopano nkhani imene ndalembera. Amayi, amalume Bisalomu ndawapeza. Ndawapeza ali m'manda, anatisiya chaka cha 1991. Pepani kuti ndanena mosabisa, koma sindinaone njira ina yonenera. Anasiya mkazi ndi ana, ndipo onsewo ali moyo, ali m'tauni mom'muno.

Mukumbuka tsiku limene ndimanyamuka kubwera kuno, munandiperekeza mpaka pamsewu n'kundiuza kuti ndisakachone ngati uja. Simunatchule dzina, koma ndinadziwa kuti mukunena mlongo wanu amene anabwera kuno kudzagwira ntchito yocheka matabwa inu muli kamtsikana, osabwereranso. Mawu aja anandikhala. Ndikamayendetsa galimoto mu msewu wa Mosi-oa-Tunya, ndimayang'ana nkhalamba iliyonse yoyenda ndi ndodo, kuganiza kuti mwina ndi iwo.

Ndinayamba ndi madala opuma ntchito ya njanji amene amakhala pakhonde la masitolo m'tauni. Ndinawafunsa za Bisalomu Mwale wa ku Nyasalande, onse anapukusa mitu. Ndinapita ku khonsolo kukapempha kuona buku la anthu oikidwa m'manda a boma, ndinalitsegula mpaka maso kuwawa, Bisalomu mulibe. Ndinatsala pang'ono kuzisiya. Ndinayamba kuganiza kuti mwina anawolokera ku Wankie kapena ku Bulawayo monga anachitira ena.

Amene ananditsegula m'maso ndi mnzanga wa kuntchito, Mwiinga, Mtonga wa pakamwa posatseka. Nditamufotokozera anaseka mpaka kugwira chitseko cha galimoto. Anati, "Iwe mudala, ba Nyasa bonse banali kuchinja mazina pa nchito. Osasakila zina yake, sakila zina ya bamai bake." Anandiuza kuti m'mabuku akale a ukwati ku tchalitchi ansembe amalemba dzina la mayi a mkwati ndi mudzi wochokera. Munthu akhoza kusintha dzina lake kuti asangalatse kapitawo, koma la amake salisintha.

Ndinayenda m'matchalitchi masiku anga opuma. Kuona maso a nkhono n'kudekha, Amayi, chifukwa mabuku ena adyedwa ndi chiswe ndipo ansembe akale amalemba ngati nkhuku ikupalasa. Ku tchalitchi china cha mbali ya ku Maramba ndi kumene ndinaona mzere wa chaka cha 1970. Panalembedwa kuti Jeffrey Mwale, mwana wa Nankhoma, mudzi wa Msampha, boma la Fort Manning, dzina lakale la Mchinji. Nankhoma ameneyo ndi agogo enieni. Ndinatuluka kunja kukakhala pansi pa mtengo wa mango ngati munthu woledzera. Zaka zonsezi timafuna Bisalomu, pomwe kuno munthuyo anali Jeffrey.

Mlembi wa pa tchalitchipo atandiona choncho anandiuza kuti sindine woyamba kuima pa tsamba limenelo. Anati pali mayi wina, mphunzitsi, amene amabwera kudzaliwerenga, ndipo anasiya nambala ya foni kuti aliyense wofunsa za munthu wa ku Fort Manning apatsidwe. Ndinaimba pompo. Mayiyo ndi Twaambo, mwana woyamba wa amalume, msuweni wanga weniweni. Amakhala ku Highlands, dera la nyumba zakale za mipanda ya maluwa.

Lamlungu lotsatira ndinapita ndi apongozi anu. Twaambo anandichingamira pageti, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenaka anagwira pakamwa n'kunena kuti, "Mayo ine, makutu ya batata!" Ankanena makutu a abambo ake. Makutu athu aja otambasuka ngati lichero, amene anzanga ankandiseka nawo kusukulu, kuno andigwirira ntchito kuposa chiphaso. Ndinamuuza kuti mwa chisuweni cha kwathu iye ndi mkazi wanga, ndipo ndabwera kudzamutenga. Iye anati ndachedwa, ng'ombe za malowolo anapereka kale ena. Tinaseka tonse, kupatula apongozi anu amene sanaone choseketsa.

Twaambo ameneyu, Amayi, ndamugomera. Pomwe ife tinangokhala n'kumati anachona, iye wakhala akutifunafuna kuyambira ali mtsikana. Zaka zapitazo anakwera basi yekha mpaka ku Mchinji, munthu wosadziwa aliyense. Amafunsa za kwa a Jeffrey ku mudzi wa Msampha. Nanga ndani akanamuthandiza? Jeffrey kwathu sadziwika, ndipo dzina la Msampha linafa pamene mudzi unagawanika ife n'kukhala a kwa Kalumo. Anazungulira pa boma, anafika mpaka pa msika wa Kamwendo, anagula mtedza n'kubwerera akulira. Mwina tsiku limenelo munadutsana.

Pakhoma la pabalaza pake anamatapo chipepala chachikulu chimene analembapo mtundu wawo wonse. Mbali ya amake yadzaza mpaka m'mphepete, mayina a makolo a Chitonga a ku Kalomo, kuno ku Zambia, ena anawapeza m'mabuku a mishoni, ena anachita kukafunsa nkhalamba m'midzi. Mbali ya abambo ake panali mayina awiri okha amene anawaona olembedwa m'buku lija, Jeffrey ndi Nankhoma. Malo otsalawo anawasiya oyera, theka lonse la pepala. Ana ake ankamuuza kuti adulepo, iye amakana.

Anatenga cholembera n'kundiuza kuti ndiyambe kutchula. Ndinatchula inu, malemu amayi aakulu a Velonika, malemu amalume aang'ono, ana awo ndi adzukulu. Ndinachita manyazi chifukwa amake a agogo Nankhoma dzina lawo sindikulidziwa, pomwe iye a kwa amake amawatchula ngati pemphero. Analemba misozi ili chuchuchu, inki mpaka kufufutika. Pofika madzulo malo oyera aja anali atada ndi mayina a anthu a kwathu.

Kenaka ananditengera ku chipinda cha kuseri kumene kumagona amake. Kuno mkazi amamutchula ndi dzina la mwana wake, ndiye onse amawaitana kuti Bina Twaambo, ndiye kuti amake Twaambo. Ndi mayi wamng'ono thupi, wa imvi mbuu, miyendo yatupa chifukwa cha matenda a mtima. Ndinagwada n'kuwomba m'manja. Anandiyankha m'Chichewa cha kwathu chenicheni, chakale, chimene anaphunzira kwa amuna awo, moti ndinamva ngati ndili pakhomo panu. Funso lawo loyamba linali lakuti kodi ndine mwana wa Anasitaziya.

Dzina lanu amalidziwa, Amayi. Amadziwanso kuti munali ndi chipsera pachigongono chimene munapsa ndi phala, ndi kuti amalume ankakuberekani powoloka Bua popita kuchigayo. Anati amuna awo akamwa pang'ono amayamba kunena za kamlongo kawo, akatero samafunanso kudya.

Ndinafunsa funso limene inu mukanafunsa, loti nanga bwanji sanabwere. Anandiuza kuti asanathe zaka zambiri pantchito, makina ochekera matabwa anawadula dzanja lamanja. Kampani inawapatsa ntchito ya ulonda, ya malipiro ochepa. Iwo ankati anachoka kwawo ndi manja awiri atalonjeza njinga ndi malata, sangabwerere ndi dzanja limodzi lopanda kanthu. Chaka chilichonse ankati chaka cha mawa. Ine sindikuwaikira kumbuyo. Chifukwa chimenechi ndi chopusa, agogo akanalandira mwana wawo ngakhale wopanda manja onse. Ndikudziwa kuti inu munasiya sukulu chifukwa panalibe mlongo wokulipirirani, munalima nokha, ndipo agogo anamwalira akuitana munthu amene sanayankhe. Mkwiyo wanu uli ndi pogwira, ndipo sindikukupemphani kuti muutaye lero.

Koma mverani zimene anachita mkazi amene anamusiya. Atonga ali ngati ife, munthu ndi wa kwa amake. Mwamuna akamwalira, abale a kwa amake ndiwo amagawa zovala zake, kupereka dzina lake kwa muphwa, ndi kumasula mkazi kuti akhale mfulu, kumene ife timati kusudzula. Pa maliro a amalume panalibe ngakhale mmodzi wa ife. Anaikidwa ndi azilamu awo ndi anzawo a kuntchito. Mwambo wa tchalitchi unachitika bwino lomwe, koma wosudzula mkazi panalibe.

Alongo awo a Bina Twaambo anapeza nzeru. Anati ku komboni ya Libuyu kuli a Mwale ambiri ochokera ku Malawi ndi ku Chipata, angotengako mmodzi, amugulire mowa, adzaime ngati m'bale n'kunena mawuwo. Akuti ambiri amatero. Mayi aja anakana. Anati mfunda si mimba, m'bale sabwerekedwa ngati poto, ndipo amuna awo ali ndi mlongo wamoyo amene tsiku lina adzamva. Ansembe anawauza kuti pamaso pa Mulungu ndi omasuka kale. Iwo anavomera mwaulemu, anapitiriza kupemphera ndi kuimba kwaya, koma mumtima sanasinthe.

Pa nthawiyo anali asanakalambe. Kunabwera bambo wina wa ntchito yabwino, a Siyanga, amene anawafunsira ndipo anali wokonzeka kulera ana. Twaambo akuti amake ankawakonda bambowo, zinkaonekera. A Siyanga anawadikira kwa zaka ndithu, mpaka anatopa n'kukwatira kwina. Mayi aja analera okha ana anayi, akugulitsa tinsomba ta kapenta ndi masamba pa msika wa Maramba, onse anawaphunzitsa sukulu.

Anandionetsa bokosi lachitsulo limene lili pansi pa bedi lawo. Muli jekete la amalume, chipewa, nsapato ndi kasemasema amene ankasemera mipini ndi dzanja lamanzere. Chaka chilichonse dzuwa likatentha amazitulutsa, kuziyanika, n'kuzibwezera. Mwana wawo wamwamuna anapemphapo jeketelo pamene ankakwatira, anamukaniza, amvekere si lako, ndi la ana a alongo awo. Ndiye kuti jekete limenelo lakhala likudikira ine, munthu amene sankadziwa n'komwe kuti ndinabadwa. Kwathu komwe, amene timati mwambo ndi wathu, ndi angati amene angadikire mwezi umodzi asanayambe kulimbirana mbale za malemu?

Chimene chinandipweteka koposa ndi ichi, ndipo anandiuza ndi Twaambo titatuluka panja. Amake amakhulupirira kuti mkazi wosasudzulidwa amayenda ndi mthunzi wa malemu, ndipo mthunzi umenewo sayenera kuuika pa khanda. Chotero adzukulu awo onse, sanamunyamulepo ndi mmodzi yemwe ali wakhanda. Mwana akabadwa amapita kuchipatala ndi phala, amachapa matewera, amasoka tizovala, koma akamupatsa kuti amulandire amaika manja kumbuyo n'kumangomuyang'ana. Amayamba kumugwira mwana akayamba kuyenda. Twaambo anakangana nawo kambirimbiri, anawauza kuti zimenezo n'zachikale, koma sizinathandize. Inenso sindikhulupirira kuti mthunzi wa amalume ungapweteke mwana. Koma sindingaseke munthu amene wadzimana chotere pofuna kuteteza ana, amene ndi magazi athu omwe.

Tsono mwana wamkazi wa Twaambo, dzina lake Mapenzi, ndi woyembekezera, akuti mwezi wa Seputembala. Chimenechi ndi chidzukulutudzi choyamba cha Bina Twaambo. Adokotala anamuuza Twaambo mosabisa kuti mtima wa amake watopa, asayembekezere zaka.

Bina Twaambo atatsimikiza kuti ndine muphwa weniweni, anandigwira dzanja n'kundipempha kuti ndiwamasule tsiku lomwelo. Kunena zoona, mtima unafuna. Koma ndinawauza kuti sindingalumphe inu muli moyo. M'mimba ya agogo Nankhoma mwatsala nokha, mawu amenewo ndi anu, ine ndingangoima pambali panu. Ndimaganiza kuti akhumudwa. M'malo mwake anagwedeza mutu n'kuuza Twaambo kuti waona, awa ndiwo enieni, wobwereka uja akanavomera msanga.

Pempho langa ndi limodzi, Amayi. Bwerani kuno mudzamusudzule mlamu wanu, Ogasiti asanathe. Mukakolola mtedza a Esinati akuperekezeni mpaka ku Chipata, ine ndikakutengani kumeneko, za ulendo zisakudetseni nkhawa. Ndikudziwa kuti njira ndi yaitali ndipo bondo likuvuta, tidzagona ku Lusaka kuti mupume. Sindikuti mukalire pamanda. Mukafuna kusapitako n'komwe, palibe adzakukakamizeni. Amene anakulakwirani ali pansi pa dothi, ndipo mlandu wake mudzakamba ndi Mulungu. Koma mayi uyu sanakulakwireni kanthu. Analakwiridwa pamodzi ndi inu, ndipo wasunga ulemu wa mbumba yathu kuposa mmene ife eni tausungira.

Musaope kuti akufuna kanthu kwa ife. Ana awo ali pantchito, nyumba ali nayo, ndipo Twaambo wanena kale kuti chipinda chake akusiyirani inu. Wandituma kuti ndikufunseni dzina la amake a agogo Nankhoma, koma ndamuuza kuti adikire adzalimve pakamwa panu.

Mundiperekere moni kwa alongo anga a Esinati amene akuwerenga kalatayi, ndipo ndikuthokoza chifukwa ndikudziwa kuti mawu ena awawerenga movutika. Moni kwa alamu anga, kwa aphwanga onse, kwa ana a malemu amayi aakulu, ndi kwa abambo aang'ono a kutsidya. Apongozi anu ndi adzukulu anu akupereka moni wambiri. Asuweni anga onse anayi akuti moni kwa azakhali awo amene sanawaonepo.

Potsanzikana tsiku lija ndinawaseka pang'ono Bina Twaambo, kuwafunsa kuti akamasulidwa akwatiwa ndi ndani, popeza a Siyanga anapita kale. Anaseka mpaka kutsokomola. Atapuma anapukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje n'kunena kuti, "Bauzeni ba mulamu, ine sinifuna mwamuna. Nifuna chabe kunyamulako aka kamwana kakabadwa, olo kamodzi."

Ndinawalonjeza kuti ndikuuzani monga ananenera, ndipo ndakuuzani. Lamlungu lililonse ndikapita kukawaona amandifunsa ngati mwayankha.

Tsalani bwino, Ambuye akusungeni.

Ndine mwana wanu,
Lufeyo